Kusaka sitima yobisala pansi pa madzi kufupi ndi gombe: mafunso ndi mayankho

Tsambali talembera ophunzira sayansi, asodzi amene ayamba kugwiritsa ntchito makina ounikira nsomba, ndi achinyamata a kuno ku Salima amene mtima wawo uli pa ntchito za pamadzi. Chofunika kuchigwira kuyambira pachiyambi n'chakuti palibe chida chimodzi chomwe chimaiona sabumarini, sitima yoyenda pansi pa madzi. Chida chilichonse chimabwera ndi umboni woperewera, ndipo ntchito yeniyeni ndi kuulumikiza umboniwo popanda kudzinamiza.

M'nyanja yathuyi muli sabumarini?

Mulibe. Asilikali athu a pamadzi, omwe malo awo ali ku Monkey Bay, amayendera maboti oyandama pamwamba. M'chigawo chino cha kummwera kwa Africa, dziko lomwe lili ndi sitima zoterezi ndi South Africa. Ili nazo zitatu, zopangidwa ku Germany, ndipo zimakocheza ku Simon's Town, pafupi ndi Cape Town.

Koma nzeru zosakira sitima yobisala si zachilendo kwathu kuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ofufuza omwe ankagwira ntchito kuchokera ku Senga Bay ankayenda ndi boti lotchedwa Usipa n'kumayeza kuchuluka kwa nsomba za pakati pa nyanja pogwiritsa ntchito mawu otumizidwa m'madzi. Wosaka nsomba, wosaka boti lomira ndi wosaka sabumarini amalimbana ndi madzi omwewo komanso masamu omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti sabumarini ili ndi anthu mkati omwe akuyesetsa kuti asapezeke.

Bwanji osangoyatsa radar kapena kuyang'ana ndi setilaiti?

Madzi amameza mafunde a wailesi. Mafunde a radar akagunda madzi a mchere amathera pamwamba pomwepo, ndipo GPS imasiya kugwira chida chikangomira. Kuwala kumalowako pang'ono. M'madzi oyera a ku zilumba za Maleri nthawi ya chilimwe mumatha kuona miyala pansi patali ndithu, koma pamathiriro a Linthipe m'dzinja ngakhale dzanja lanu simuliona.

Chomwe chimayenda mtunda wautali m'madzi ndi mawu. Amathamanga pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi, kuposa kanayi liwiro lawo mumpweya. N'chifukwa chake ntchitoyi imatsamira pa khutu, ndipo zida zina zonse zimabwera kudzachitira umboni.

Zida zake ndi ziti, ndipo chilichonse chimanena chiyani?

Choyamba ndi chongomvetsera. Dzina lake ndi hydrophone, kunena kuti maikolofoni ya m'madzi. Sichitulutsa mawu, choncho wosakidwayo sadziwa kuti akumveredwa. Chimamva injini, mapampu, ndi pulopela. Pulopela ya mapiko 7 ikamazungulira ka 120 pa mphindi imamenya madzi ka 14 pa sekondi, ndipo kumenya kumeneku kumaoneka pa kompyuta ngati kamzere kosasuntha pakati pa phokoso lina lonse. Ma hydrophone ambiri akalumikizidwa pa chingwe chachitali chokokedwa ndi sitima, kapena akayalidwa pansi pa nyanja monga momwe America inayambira kuchitira m'zaka za m'ma 1950 ndi dongosolo lake la SOSUS, amatha kuloza mbali yomwe mawu akuchokera. Chofooka chake n'chachikulu: amanena mbali, mtunda sanena.

Chachiwiri ndi sonar yofuula. Imaponya mawu n'kudikira kuti abwerere. Akabwerera patatha masekondi 4, ndiye kuti ayenda mamita 6,000 kupita ndi kubwera, ndipo chinthucho chili pa mamita 3,000. Apa mtunda mwaupeza, koma mwadziulula, pakuti wobisalayo amamva kufuula kwanu ali kutali kwambiri kuposa pomwe inu mungamve mawu obwerera kuchokera kwa iye. Mawu abesi amafika kutali koma sasiyanitsa bwino zinthu. Mawu onyenya, ngati a makina ounikira nsomba omwe ambiri amagwira pa 50 kapena 200 kHz (kunjenjemera ka 50,000 kapena 200,000 pa sekondi), amajambula bwino koma pafupi.

Ndege zolondera nyanja, monga P-3 Orion ndi P-8 Poseidon, zimaponya m'madzi timachubu totchedwa sonobuoy. Kachubu kakagwa, kamatsitsa hydrophone pa chingwe n'kumatumiza zomwe ikumva ku ndege kudzera pa wailesi kwa maola angapo mpaka batire itatha.

Palinso chida chomva chitsulo, chomwe chimayeza momwe chitsulo chachikulu chapindira mphamvu ya maginito ya dziko. Chimenechi sichinyengedwa ndi nangumi kapena gulu la nsomba, koma dzanja lake ndi lalifupi: mtunda ukawirikiza kawiri, chizindikiro chimachepa ka 8. Chimagwira pa mamita mazana ochepa chabe, choncho ntchito yake ndi kutsimikiza, osati kusaka.

Zotsalazo zimayang'ana pamwamba. Sabumarini ya dizilo imayenda ndi mabatire ikakhala pansi, ndipo kuti iwatchaje iyenera kukwera n'kutulutsa paipi yokokera mpweya. Nthawi imeneyi radar ikhoza kuona nsonga ya paipiyo, kamera yoona kutentha ikhoza kuona utsi, ndipo zida zomvera wailesi zikhoza kugwira uthenga wake. Palinso AIS, dongosolo lomwe sitima zikuluzikulu zamalonda zimaulutsira dzina, malo ndi liwiro lawo. AIS siiona sabumarini ngakhale pang'ono, komabe ndi yofunika zedi chifukwa imakuuzani kuti phokoso ili ndi la sitima ya katundu, musataye nalo nthawi.

Kufupi ndi gombe n'kovuta bwanji? Si kumene madzi ndi osaya?

Kusayako ndiye vuto. M'madzi akuya mamita 4,000 mawu amayenda mtunda wautali asanagunde chilichonse. M'madzi a mamita 40 amagunda pansi, kunjanja kupita pamwamba, kugundanso mafunde, kubwereranso pansi. Mukafuula kamodzi, mayankho amabwera ambirimbiri: a miyala, a mchenga, a zitsulo zakale zomira, ndipo yankho la sitima yomwe mukuifuna limakwiririka mkati mwake. Kuwonjezera mphamvu ya sonar sikuthandiza, pakuti mukakweza mawu mumakwezanso mayankho a miyala. Zili ngati kuwalitsa nyali za galimoto mu nkhungu ya m'mawa: chomwe chimawala kwambiri ndi nkhunguyo.

Pansi pa nyanja pamasiyananso. Matope amameza mawu, thanthwe limawabweza mwamphamvu. Msodzi wa chilimira amene amadziwa pomwe pali chirundu chilichonse ali ndi chuma chomwe oyendetsa sonar amawononga ndalama zambiri kuti achipeze, ndicho mapu a zomwe zili pansi kale. Opanda mapu oterowo amathamangira mwala womwewo mwezi ndi mwezi. Sabumarini yochenjera imadziwa zimenezi, ndipo imatha kukagona pansi pafupi ndi chombo chakale chomira n'kuzimitsa chilichonse.

Ndiye pali phokoso. Kugombe kumakhala maboti a injini, madoko, mvula, mafunde oswekera pamiyala. M'nyanja zofunda za mchere muli tizilombo ta mtundu wa nkhanu tomwe timathetheka usana ndi usiku ngati mafuta pachiwaya. Pakati pa zonsezi sabumarini yoyenda ndi mabatire imamveka pang'ono kwambiri. Sitima ya dziko la Sweden yotchedwa Gotland, yomwe ili ndi injini zosafuna mpweya wakunja ndipo imatha kukhala pansi masiku ambiri osakwera, inabwerekedwa ndi asilikali a America kuyambira 2005 mpaka 2007 kuti aziphunzirirapo kusaka, chifukwa sitima zamtunduwu zinkawavuta kupeza.

Chomaliza ndi kutentha kwa madzi, ndipo ichi n'chimene ongoyamba kumene amachiiwala. Mawu amathamanga kwambiri m'madzi ofunda, ndipo akafika pomwe kutentha kwasintha amapindika kulowera kumadzi ozizira. Pakakhala madzi ofunda pamwamba ndi ozizira pansi, pamapangika malo omwe mawu ochokera pamwamba safikako bwino, ndipo sitima imabisala pomwepo. Nyanja yathu imaonetsa zimenezi: m'miyezi yotentha madzi a pamwamba amafunda kufika madigiri 28, pomwe akuya amakhala cha pa 22 kapena 23, ndiye mwera ukaomba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti umavundula malirewo. Kunyanja ya mchere, mtsinje waukulu ukamathira madzi opanda mchere, liwiro la mawu limasinthanso. Pa chifukwa chimenechi osaka amaponya kachida koyeza kutentha kuchokera pamwamba mpaka pansi asanayambe, n'kubwerezanso pakapita maola ochepa kapena akasuntha malo.

Kuphatikizako kumachitika bwanji kwenikweni?

Ganizirani bwalo la mfumu. Mboni ina inamva mapazi koma sinaone munthu. Ina inaona chithunzithunzi patali. Ina inapeza mapazi m'mawa. Woweruza wanzeru amafunsa mboni iliyonse zinthu zitatu: unali pati, inali nthawi yanji, ndipo ukutsimikiza motani. Kompyuta yophatikiza imafunsa zomwezo.

Nthawi ndi malo ziyenera kuyamba zagwirizana. Mawotchi a zida zonse amatcheredwa pa nthawi imodzi, kawirikawiri ya GPS. Wotchi ikalakwa ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi, mawu amakhala atayenda mamita 15. Malo a chida chilichonse amalembedwa pa mapu amodzi. Izi zimaoneka zophweka mpaka mutakumbukira kuti sonobuoy imatengedwa ndi madzi, ndipo chingwe chokokedwa chimapindika sitima ikakhota.

Kenako umboni uliwonse umalembedwa pamodzi ndi kukula kwa kukayikitsa kwake. Hydrophone ikati mawu akuchokera pa madigiri 70, koma ikhoza kuphonya ndi madigiri 2, ndiye kuti pa mtunda wa makilomita 10 chinthucho chikhoza kukhala mamita 350 kumanja kapena kumanzere kwa mzerewo. Hydrophone yachiwiri, yomwe ili malo ena, imapereka mzere wake, ndipo pomwe mizere iwiriyo yapingasana ndi pomwe mukayang'ane. Mizere ikapingasana ngati mtanda, malo okayikitsa amakhala ang'ono. Ikakhala ngati yoyenda limodzi, malowo amatalika ngati bwato, ndipo mtunda simunaudziwebe. Kuyala bwino zida kumaposa kuchulukitsa zida.

Gawo lovuta kwambiri ndi kudziwa kuti umboni uti ndi wa chinthu chiti. Tinene kuti sonar inamva chinthu, ndipo patatha mphindi 10 radar yaona kansonga makilomita 6 kuchokera pamenepo. N'chimodzi? Sabumarini yoyenda mwakachetechete pa makilomita 9 pa ola imayenda kilomita imodzi ndi theka m'mphindi 10. Makilomita 6 achuluka. Mwina ndi zinthu ziwiri, mwina china n'chabodza. Kompyuta imajambula bwalo la pomwe chinthu chikanafika, n'kulandira umboni wogwera mkati mokha. Pakakhala zotheka zingapo, imasunga zonse kwakanthawi mpaka umboni wina utagamula.

Umboni ukavomerezedwa, umasakanizidwa molemekeza wodalirika. Chida china chikamaphonya ndi mamita 300, china ndi mamita 100, chachiwiricho chimapatsidwa kulemera kowirikiza ka 9, ndipo yankho lophatikiza limaphonya ndi mamita pafupifupi 95. Masamu otchuka pa ntchitoyi anafalitsidwa ndi Rudolf Kálmán mu 1960. Amalosera pomwe chinthu chikhale, amayerekeza ndi zomwe chida chapeza, amakonza ulosiwo, n'kuyambiranso.

Kudziwa kuti ndi chiyani kumabwera pamapeto. Chinthucho chili ndi mawu a makina, AIS ili chete pamalopo, radar sikuona boti pamwamba, chida chomva chitsulo chagwedezeka: mboni zinayi zosiyana zikaloza kumodzi chonchi, mlandu walimba.

Umboni ukachedwa pang'ono, pali vuto?

Lalikulu. Pa liwiro lomwe lija la makilomita 9 pa ola, pakatha ola limodzi sitimayo ikhoza kukhala paliponse m'bwalo la masikweya kilomita oposa 250. Uthenga wolondola wofika mochedwa umaposedwa ndi wophonyako pang'ono wofika msanga. N'chifukwa chake helikopita imakhala yokonzeka kunyamuka.

Ndiye zida zikachuluka zolakwa zimatha?

Zimachepa pokhapokha ngati mbonizo sizinapangane. Tiyerekeze kuti chida china chimanama kamodzi pa maulendo 10, chinanso chimodzimodzi. Ngati chomwe chimanamiza choyamba sichinamiza chachiwiri, mwayi woti zinamire limodzi ndi umodzi pa 100. Koma ma sonar awiri ofanana oyang'ana thanthwe limodzi adzanamira limodzi tsiku lililonse. Sonar ndi chida chomva chitsulo ndiye mboni ziwiri zenizeni, chifukwa china chimamva mawu, china maginito.

Pali vuto lina lomwe limapweteka ngakhale akatswiri. Sitima yoyamba yamva kanthu n'kuuza yachiwiri. Yachiwiri yalemba pa mapu ake n'kutumiza ku likulu. Likulu latumiza kwa onse, ndipo yoyamba ija yalandira nkhani yake yomwe ngati umboni watsopano. Mphekesera imodzi yazungulira mudzi n'kubwerera kwa mwini wake, iye n'kumati anthu atatu atsimikiza. Mankhwala ake ndi akuti uthenga uliwonse uziyenda ndi chizindikiro cha chida chomwe chinauyambitsa, kuti usawerengedwe kawiri.

Nsomba zingapusitsedi zida zodula chonchi?

Zinachitikapo. Mu Okutobala 1981 sabumarini ya Soviet Union inatitimira pamiyala pafupi ndi Karlskrona, m'madzi a Sweden. Zaka zotsatira asilikali a Sweden ankamva kawirikawiri kaphokoso kothetheka komwe ankakatenga ngati chizindikiro cha sitima yachilendo. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a zamoyo, Magnus Wahlberg ndi Håkan Westerberg, anasonyeza kuti kaphokosoko kankachokera ku nsomba za herring, zomwe zimayenda m'magulu ngati usipa ndipo zimatulutsa timathovu kuchokera m'kathumba kawo ka mpweya. Pa nkhondo ya ku Falklands mu 1982, asilikali a Britain anawononga zida zambiri pa zizindikiro zabodza posaka sabumarini ya Argentina yotchedwa San Luis, yomwe inabwerera kwawo bwinobwino.

Mpweya wa m'thupi la chamoyo umabweza mawu mwamphamvu. Kwathu kuno mphutsi za nkhungu, tizilombo tija timatuluka panyanja ngati utsi, zili ndi timatumba ta mpweya. Masana zimatsikira kwakuya, usiku zimakwera, ndipo pa makina ounikira nsomba zimaoneka ngati bulangete lalikulu. Wosadziwa amaponya khoka poganiza kuti wapeza nsomba.

Pali chitsanzo chodziwika pomwe kuphatikiza kunathandiza?

Cha sabumarini ya Argentina, San Juan, yomwe inasowa pa 15 Novembala 2017 ili ndi anthu 44. Bungwe la CTBTO, lomwe ntchito yake ndi kumvetsera ngati dziko lina likuyesa bomba la nyukiliya, lili ndi ma hydrophone pa chilumba cha Ascension ndi pa zilumba za Crozet, makilomita masauzande angapo kuchokera pamalopo. Malo onse awiri anamva kuphulika tsiku lomwelo. Mbali yomwe mawu anachokera ndi nthawi yomwe anafikira zinaloza dera limodzi la nyanja. Pofuna kuyesa masamuwo, asilikali a Argentina anaphulitsa bomba pamalo odziwika kuti aone ngati zidazo ziloza molondola. Komabe deralo linali lalikulu ndipo pansi pake pali zigwembe. Sitimayo inapezeka patatha chaka, mu Novembala 2018, pamene kampani ya Ocean Infinity inatsitsa maloboti ojambula pansi ndi sonar, kenako kamera inatsimikiza. Inali pa kuya kwa mamita pafupifupi 900. Khutu lakutali linachepetsa dera, sonar yapafupi inapeza chinthu, diso linagamula.

N'chiyani chimalakwika kawirikawiri?

Zing'onozing'ono. Kampasi ya chida yopatuka ndi madigiri atatu imachititsa kuti chinthu chimodzi chioneke ngati ziwiri pa mapu. Chingwe chowongoka cha ma hydrophone sichisiyanitsa kumanja ndi kumanzere, choncho sitima yokoka iyenera kukhota n'kuona mbali yomwe mzere wakhazikika. Liwiro la mawu lolowetsedwa m'mawa limakhala litasintha pofika masana. Chida chodzitama kuti chimaphonya ndi mamita 50 pomwe chimaphonya ndi 200 chimakoka yankho lonse kupita kolakwika, ndipo kompyuta imakhulupirira. Chida chodzitama n'choopsa kuposa chofooka chonena zoona.

Palinso muyezo wa pomwe chida chiyenera kuchenjeza. Mukautsitsa, chimalira pa chilichonse ndipo anthu amatopa n'kuyamba kunyalanyaza. Mukaukweza, chenicheni chimadutsa. Ubwino weniweni wophatikiza uli apa: mukhoza kutsitsa muyezo pa chida chilichonse, n'kulola kuti kugwirizana kwa zida kusefe zabodza.

Makompyuta ophunzira okha alowa m'malo mwa munthu?

Amathandiza kusefa, makamaka posiyanitsa mawu a maboti ndi a zamoyo. Koma amaphunzira pa zitsanzo, ndipo mawu enieni a sabumarini ndi ochepa komanso mayiko amawabisa. Kompyuta yophunzira m'madzi ozizira a kumpoto imasokonezeka m'madzi ofunda a matope. Chigamulo chomwe chingaphetse anthu chiyenera kukhala m'manja mwa munthu, ndipo munthuyo ayenera kuona umboni womwe kompyuta yatsamira.

Sonar imavulaza zamoyo?

Yamphamvu ya asilikali imavulaza. Mu Malichi 2000 anangumi angapo anakathera pagombe ku Bahamas pa nthawi yomwe sitima za America zinkagwiritsa ntchito sonar, ndipo kafukufuku wa boma la America anavomereza kuti sonar ndiyo inachititsa. Makina ang'ono ounikira nsomba ali ndi mphamvu yochepa kwambiri poyerekeza ndi amenewo. Kudalira kwambiri zida zongomvetsera kumachepetsa kufunika kofuula.

Boti litamira kufupi ndi Senga Bay, nzeruzi zingagwire bwanji?

Yambani ndi mboni, ndipo zifunseni padera kuti zisatengerane mawu. Aliyense aime pomwe anali n'kuloza. Lembani malowo ndi GPS ya pafoni, ndi mbali yake ndi kampasi. Wina akati botilo linali pa mzere wa chilumba cha Namalenje, wina yemwe anali gombe lina akaloza mzere wake, jambulani yonse pa mapu. Onjezani komwe mphepo inkaomba, malo omwe zoyandama zinatoledwa ndi nthawi yake. Funsani asodzi akale kuti pansi pamenepo pali miyala pati.

Kenako gawani deralo m'mizere. Ndi sonar yojambula m'mbali yotcheredwa pa mamita 50 mbali iliyonse, chida chikokedwe mamita 5 kuchokera pansi, boti liziyenda makilomita 5 kapena 6 pa ola, ndipo mizere italikirane mamita osaposa 50 kuti kampata kosaoneka kamene kamatsala kunsi kwa chida kaphimbidwe ndi mzere wotsatira. Kumbukirani kuti chidacho chili kumbuyo kwa boti, pomwe GPS ili m'boti. Mukapanda kuchotsera kutalika kwa chingwe, chizindikiro chanu chidzaphonya.

Chilichonse chokayikitsa chidutseninso kuchokera mbali ina yopingasa. Mthunzi wake ndiwo umanena msinkhu: chida chikakhala mamita 5 kuchokera pansi, mthunzi n'kutalika mamita 6 mpaka kuthera pa mamita 30, chinthucho n'chachitali mita imodzi. Chida chomva chitsulo chingathandize pa boti lachitsulo, koma pa boti la matabwa la injini yapanja, yomwe mbali yake yaikulu ndi aluminiyamu, musadalire kwambiri. Tsitsani kamera musanatsitse munthu. Wosambira ndi thanki ya mpweya wamba asapitirire mamita 30 mpaka 40, asalowe yekha, ndipo mwera ukayamba kuomba ntchito iime mpaka nyanja itachita bata.